Basela wa Mayi Effie pa Jekete ya a Walter

M'mawa uliwonse, asanatuluke m'fulati yawo ku Thamesmead, Mayi Effie amalowetsa ulusi m'singano zitatu, wakuda, woyera ndi wabuluu, n'kuzibaya kuseri kwa kolala ya chikhoti chawo. Amachita zimenezi ataima pawindo la kukhitchini, pomwe pali kuwala, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Akatero amatsika kukadikira basi ya ku Woolwich. M'basimo anthu ena onse maso amakhala pa foni, koma iwo maso amakhala pa zovala za anthuwo. Amaona batani lomwe latsala ndi ulusi umodzi, thumba lomwe layamba kuyasama, mpendero wa siketi womwe mwini wake waugwira ndi selotepi. Nthawi zambiri amangomeza mate n'kuyang'ana kunja. Koma tsiku lina anamugwira mkono mtsikana wina wopita kukafunsira ntchito, namusokera batani basi ikuyenda, ndipo mtsikanayo anatsika osadziwa ngati athokoze kapena athawe.

Kusoka anakupeza pakhomo. Bambo awo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Mponela, ndipo ntchito yawo yambiri sinali yosoka zatsopano ayi, inali ya zigamba. Anthu ankabwera ndi kabudula woti chigamba chakwera pa chigamba chinzake, mpaka nsalu yoyamba osaidziwanso mtundu wake. Effie ali wamng'ono ankakhala pafupi ndi mapazi a bambo ake n'kumatola tizidutswa. Sukulu analekezera Sitandade 6. Yunifolomu yake inali yosiyiridwa ndi mkulu wake, yong'ambika m'khwapa, nsalu itafwifwa moti ngakhale singano ya bambo ake sinkagwiranso. Chaka chonsecho sanakweze mkono m'kalasi, ngakhale yankho akulidziwa.

Ku London anabwera mu 2004. Anagwira ntchito yosamalira okalamba zaka zisanu ndi zinayi, kunyamula anthu kuwachotsa pabedi kuwaika pampando, mpaka msana unakana. Apo m'pamene anakumana ndi a Killian, munthu wa ku Chipata, yemwe ali ndi shopu yochapa zovala m'kamsewu kena kuseri kwa msika wa Woolwich. A Killian anawapatsa tebulo pafupi ndi windo, pakati pa kauntala ndi mzere wa masuti okutidwa m'mapulasitiki. Dzina la pakhomo ndi la a Killian, matikiti ndi a a Killian, koma makina osokera ndi manja ndi za Mayi Effie. Patebulo limenelo akhalapo zaka khumi, ndipo alibe pena poti angaike makinawo. Kufulati kwawo a kunsi amagogoda denga ndi tsache akangomva phokoso.

Chomwe anthu ankawadziwira Mayi Effie ndi basela. Ukabweretsa thalauza kuti alifupikitse, unkalilandira lofupika, komanso batani lomangidwa bwino, ndi thumba lomwe linkadontha makobidi litatsekedwa. Sankakuuza, sankakulipiritsa. Unkangozindikira wekha uli kunyumba. A Killian akadandaula kuti nthawi ikupita pachabe, iwo ankayankha maso ali pa singano.

"Kumsika kwathu ukagula tomato amakuikira mmodzi pamwamba. Nanga singano yalakwanji?"

A Walter analowa m'shopumo Lolemba lina mu Okotobala. Anali mzungu wamtali, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, mimba ili patsogolo, tsitsi lotsala m'mbali mokha, ndolo imodzi kukhutu. Mayi Effie ankawadziwa nkhope, chifukwa ankakumana pamalo odikirira basi ku Thamesmead, koma anali asanalankhulanepo. Anaika jumbo patebulo.

"Love, jekete iyi yandichepera," anatero m'Chingelezi chawo cha ku London, chomeza mawu. "Muikulitse m'mbalimu kuti ndithe kumanga batani limodzi lokha. Ndiivala Loweruka la sabata yamawa."

Mayi Effie anawayeza pachifuwa ndi pamimba, a Killian analemba tikiti yoti kukulitsa m'mbali, ndipo mzunguyo anapita.

Mayi Effie anatsegula jumbolo. Inali jekete ya suti, yakuda kalekale, tsopano yotuwa ngati khoma la utsi. Mkono umodzi unali utachoka paphewa n'kulumikizidwa ndi mapini a matewera. Kolala inali yochekedwachekedwa. Kumsana kunali mabala atatu aatali, thumba lina likulendewera ngati lilime la galu, ndipo pachifuwa panali timabowo tinayi towotchedwa ndi ndudu. Anawerenga mapiniwo, anakwana makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ena a dzimbiri.

Anaganiza zomwe munthu wa ku Mponela angaganize. Bambo wamkulu chonchi, mwina mkazi anamwalira, ndipo Loweruka ali ndi ukwati wa mwana kapena mdzukulu. Akakaima pamaso pa anthu ndi sanza zimenezi, a kuchikazi adzati chiyani? Ndiye manyazi amulepheretsa kunena kuti mundisokere ponseponse, wangotchula m'mbali mokha.

Anakulitsa m'mbali tsiku lomwelo. Kenako masiku atatu otsatira, ntchito zina zikachepa, ankaitenga jeketeyo. Anachotsa mapini onse n'kuwathira m'botolo la jamu, chifukwa pini sataya. Anasolola ulusi mkati mwa mpendero wa jekete yomweyo kuti mtundu ufanane, n'kuluka nawo pamabala onse, ulusi umodzi umodzi, mpaka diso osapeza pomwe panali bala. Timabowo ta ndudu anatidula m'mbali mwakudamo ndi sizasi yaing'ono, n'kutitseka. Anabwezera mkono paphewa. Ataisita, jeketeyo inaima pa hang'ala ngati ya mkulu wa mpingo. A Killian anaizungulira kawiri.

"Amai, imwe muli na manja," anatero. "Uja mudala azalila na chimwemwe."

Lachisanu a Walter anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Anna, mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, wovala za kuofesi. Mayi Effie anaimirira, anavula pulasitiki pa jeketeyo pang'onopang'ono, naikweza m'mwamba.

"Si imeneyi," anatero Anna. "Yathu ndi yakale, yong'ambika."

"Ndi yomweyo, mwanawe. Taonani mkatimu. Zinazo musalipire, ndangokuchitirani."

A Walter anatambasula dzanja, nasisita pachifuwa pomwe panali timabowo, n'kukhala pampando wa makasitomala. Anna nkhope inafiira mpaka m'khosi. Anatulutsa foni, nafufuza, naiika pafupi ndi mphuno ya Mayi Effie. Pachithunzipo panali mnyamata wowonda ngati bango, tsitsi litaima njo ngati minga, kukamwa kuli yasa, atavala sanza zija, mapini ali waliwali.

"Awa ndi bambo anga, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ichi ndi chikuto cha chimbale chawo. Mukudziwa chomwe mwachita?"

Mayi Effie sankadziwa. Anna anafotokoza mawu akuthamanga, ndipo zomwe anatolapo ndi izi. Bambo ake ali mnyamata ankaimba nyimbo za mtundu wotchedwa panki, nyimbo zaphokoso za achinyamata okwiya. Gulu lawo linatchuka ndi nyimbo imodzi yokha, ya mu 1978, koma nyimboyo anthu sanaiiwale. Loweruka la sabata yamawayo kunali shoo yokumbukira kuti yakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo a Walter amayenera kuiimba atavala jekete ya pachikutopo. Ikatha shoo, jeketeyo imapita kunyumba ina yosungiramo zinthu zakale, kukakhala m'galasi. Anthu a kumeneko ankaifuna mmene inalili, ndi bala lililonse, ndi pini iliyonse.

"Ndani anakupemphani?" anafunsa Anna. "Tikiti ikuti chiyani? Ndilemba pa intaneti kuti aliyense adziwe shopu ino, ndipo ndikaonana ndi loya."

Awiriwo atatuluka, a Killian anatseka chitseko, natembenuza chikwangwani, ngakhale inali isanakwane nthawi.

"Amai Effie, manje mwanipaya. Shopu iyi iyenda na ma review. Uja mukazi akalemba, akaleta na loya, ine nizakamba chani? Nizakamba ati tailor wanga anamvela chifundo?"

"Paja munati adzalira ndi chimwemwe."

"Ninakamba, ee, koma sininazibe ati ni sanza za mu museum! Mvelani, sinifuna, Mulungu aziba. Koma iyi nkhani ikapita pasogolo, tebulo ichoka. Nilibe njila ina."

Mayi Effie anayang'ana tebulo lawo, makina, kabokosi ka maulusi, kalendala ya kutchalitchi yomwe anaimata pakhoma. Kenako maso anagwera pa botolo la jamu.

"Mapini ndinasunga," anatero. "Aimbireni. Muwauze kuti chomwe ndasoka ine, ine ndemwe ndingachimasule. Koma bambowo abwere adzakhale pano, andisonyeze."

Anna anavomera monyinyirika. Anati adzabwera Lachinayi ndi zithunzi, ndipo akadzaona kuti sizikufanana, adzachita zomwe wanena.

Motero Lolemba masana a Walter anafika ndi chikuto chenicheni cha chimbale, chachikasu ndi ukalamba, ndi envulopu ya zithunzi. Anakoka mpando n'kukhala pambali pa tebulo. Mayi Effie anatenga lezala, naithyola pakati monga ankachitira bambo awo, nayamba kufunafuna msoko wawo womwe. Inali ntchito yowawa, chifukwa anali atasoka bwino kwambiri. Pena ankachita kuika nsaluyo pawindo kuti kuwala kuwaonetse pomwe anadutsa.

"Nyimboyo munaimvapo?" anafunsa a Walter.

"Ayi."

Anaika foni patebulo n'kudina. Munatuluka chiphokoso ngati chigayo chalowa mwala, ng'oma zikuthamangitsana, ndi mawu a munthu wokuwa ngati waponda moto. Mayi wina yemwe amadikira diresi lake pakauntala anatembenuka. Mayi Effie anadikira mwaulemu, lezala ili m'manja, mpaka phokosolo linaduka mwadzidzidzi.

"Ndiye ayamba nthawi yanji kuimba?"

"Yatha, love. Mphindi imodzi ndi masekondi makumi asanu."

"Oho. Akuti chiyani?"

A Walter anafotokoza. Mnyamata waima pamalo odikirira basi ku Thamesmead, mvula ikumukwapula. Basi sikubwera. Akachedwanso lero, abwana amuchotsa ntchito. Ndiye akukuwa kuti palibe basi ikubwera, palibe munthu akubwera, anatitaya kuno n'kutiiwala. Mawu ake ndi omwewo, kubwerezabwereza.

"Basi yathu yomweyi?"

"Yomweyi."

"Nanga kukuwa konseku n'kwa chiyani? Ife timangoima phee n'kudikira."

"Ndiye imabwera msanga mukaima phee?"

Mayi Effie anapitiriza kumasula kolala.

Mbiri ya nyimboyo anaimva masiku atatu, chidutswachidutswa, motsata mabala a jekete. A Walter anati makolo awo anasamukira ku Thamesmead nyumba zili zatsopano, simenti yokhayokha pakati pa madambo, atalonjezedwa zinthu zambiri zomwe sizinabwere. Achinyamata analibe kopita. Iwo ndi anzawo atatu anayamba gulu m'galaja ya munthu. Woimba gitala, yemwe onse ankamutchula ndi dzina la bambo ake loti Overton, ankadziwa kugwira malo atatu okha pa gitalayo, ndipo nyimbo yonse anaimanga pa malo atatu omwewo. Anaijambula masana amodzi m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya makapeti. Anadinda zimbale mazana asanu, zikuto anapinda okha patebulo la amayi a Walter, ndi guluu wa ana asukulu. Ndiye munthu wina wa pawailesi anaiika kawiri motsatizana tsiku limodzi, ndipo m'mawa mwake foni ya kunyumba sinapume.

"Ndiye munalemera," anatero Mayi Effie.

"Tinayenda m'chigalimoto chonunkha masokosi miyezi khumi ndi umodzi, tinamenyana, gulu linatha. Ine ndinakalowa ntchito ku positi. Ndayenda ndi makalata zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu."

Koma nyimboyo inapitiriza ulendo yokha, eni ake atatsika. A Walter anati kuli anyamata a ku Japan omwe anaiimba m'chilankhulo chawo, ndi atsikana a ku Brazil omwe anaithamangitsa kuposa pamenepo. Madalaivala a basi anaiimbapo pa sitalaka, zomwe zinawaseketsa a Walter mpaka misozi. Kampani ina inaiika pa malonda a nsapato, ndipo zimenezo safuna kuzikamba. Ana a masiku ano amaidziwira m'masewera a pakompyuta, osadziwa kuti mdala wowabweretsera makalata uja ndiye akukuwayo. Ndipo pafupifupi mwezi uliwonse pamabwera kalata ya munthu wonena kuti anagula gitala chifukwa cha nyimboyo, poti anaona kuti ngati awa akutha, ndiye aliyense angathe.

Lachiwiri anafika pa mabala atatu a kumsana. Mayi Effie anaona kuti anali owongoka kwambiri, osati ngati ong'ambidwa ndi waya kapena msomali.

"Apa panadutsa sizasi," anatero.

"Ya amayi anga. Ndinadula ndekha, pakhitchini."

Lezala inaima.

"Munang'amba dala?"

"Dala."

"Jekete yabwinobwino?"

"Inali ya bambo anga. Anakwatira nayo."

"Mayo ine. Sanakumenyeni?"

"Bola akanandimenya. Sanandilankhule miyezi inayi. Iwo ntchito ya kudoko inali itatha, koma m'mawa uliwonse ankavala tayi kupita kukasaina ku ofesi ya osowa ntchito, kuti aneba asadziwe. Ine zinkandinyansa. Ndinkafuna kuti aliyense aone mmene zinthu zinalili kwathu."

Mayi Effie anaganiza za yunifolomu ija, ndi mkono womwe unakhala chaka chonse uli pansi pa desiki. Sanawauze a Walter. Anangoti, "Bambo anuwo ndikanagwirizana nawo," n'kupitiriza kutsegula bala lomwe anali atalitseka bwinobwino sabata yathayo.

Si mabala onse omwe anali a dala. La paphewa linabwera pomwe anthu anawakoka a Walter kuwatsitsa papulatifomu ku Croydon, wina atagwira mkono wa jekete, wina mwendo. Thumba linang'ambidwa ndi galu wa mwini holo yemwe anakana kuwalipira. Pa timabowo ta pachifuwa a Walter anati anali Overton. Iwo akagona m'galimoto, Overton ankawazimitsira ndudu pachifuwa kuti aone ngati adzuke. Kanayi konse sanadzuke. Overton anamwalira mu 2009.

Ulusi wa m'timabowomo Mayi Effie anausolola ndi nsonga ya singano, ndipo timabowo tinatseguka. Koma m'mbali mwake munali moyera, mosalala. Zakuda zowotchedwa zija anali atazidula, ndipo zinapita ndi zinyalala za sabata yatha.

A Killian anasuzumira, natulutsa laita m'thumba.

"Apa ni simple. Tishoke chabe pang'ono, ndani azaziba?"

Mayi Effie anawamasulira a Walter zomwe a Killian ankanena. Mzunguyo anapukusa mutu.

"Wosuta wake kulibe. Zisiyeni choncho."

Lachitatu masana, akumaliza bala lachitatu la kumsana, nsalu inalira pansi pa zala zawo. Balalo linathamanga lokha, kutalika ngati chala, kupitirira pomwe linkalekezera pachithunzi. Mayi Effie anachotsa manja msangamsanga. Ankaidziwa nsalu yotere. Inali itatopa, ndipo kusoka ndi kumasula kunali kutaimaliza. Munthu wa mimba ngati a Walter akaivala n'kukweza mkono, ikanagawika pawiri kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno.

Mankhwala ake ankawadziwa. Kansalu kopyapyala kuseri kwa nsonga ya bala lililonse, ndi timisoko tating'ono togwira, toti ngakhale Anna ndi zithunzi zake sakanationa. A Walter anali atapita kukagula tiyi. A Killian anali kuseri ndi makina ochapira. Dzanja linapita lokha kukolala ya chikhoti chomwe chinali pampando, n'kusolola singano ya ulusi wakuda. Anaigwira kanthawi ndithu. Kenako anaibwezera pomwe inali, napinda manja pamiyendo, mpaka a Walter analowa ndi makapu awiri.

"Muimbireni mwana wanu," anatero. "Pali choti ndimufunse."

Anna anabwera Lachinayi monga ananenera, chikwama cha kuofesi chili paphewa. Mayi Effie anayala jeketeyo patebulo, namusonyeza bala lomwe linatalika, osabisa. Anamusonyezanso timabowo toyera m'mbali.

"Izi ziwiri sindingazibweze. Ndinalakwa ndine. Koma chomwe ndakuitanirani ndi china. Bambo anu akaivala chonchi Loweruka, simudzakhala ndi jekete yopereka kwa anthu aja, mudzakhala ndi zidutswa ziwiri. Ndikhoza kuigwira kuseri kuti mabalawa akhale mmene alili, osakula. Koma sindiika singano mpaka inu munene."

Anna anayang'ana jeketeyo, nayang'ana bambo ake.

"Musaivale basi, adadi. Ipite m'galasi momwemo."

"Ndiivala," anatero a Walter. "Ndaonda makilo awiri chifukwa cha jekete imeneyi. Mwezi wathunthu osalawa chipisi."

"Makilo awiri ake ati? Ali kuti?"

Anna anatuluka panja ndi foni, naimbira mayi wina wa kunyumba yosungira zakale ija. Ankaoneka pawindo akuyendayenda, dzanja lina likulankhula nawo. A Killian ankapukuta kauntala yomwe inali yoyera kale. Atabwerera, Anna anati mayiyo wanena kuti iwonso akanachita chimodzimodzi, bola chilichonse chilembedwe papepala, pomwe pasokedwa ndi ulusi womwe wagwiritsidwa ntchito.

"Sokani," anatero. "Koma ndikhala pompano."

Anakhaladi, maola awiri ndi theka. Mayi Effie ankati akafika pa bala, amalitchula, Anna n'kulemba, kenako singano n'kulowa. Atamaliza anakhuthula botolo la jamu patebulo. Anna anagwira chikuto cha chimbale, a Walter ankaloza ndi chala, ndipo mapini anabwerera m'malo mwawo imodzi imodzi. Ina Mayi Effie anaibaya mowongoka, a Walter anakana.

"Ipendeke, love. Inali yopendeka."

"Yopendeka imakoka nsalu."

"Ipendeke."

Anaipendeketsa. A Walter anavula juzi, navala jeketeyo, namanga batani limodzi lija. Anakweza mkono pang'onopang'ono mpaka pamwamba, onse atagwira mpweya. Palibe chinalira. Anaima pagalasi la shopu, mdala wa dazi m'sanza za mnyamata, ndipo anadziyang'ana nthawi yaitali osaseka.

Anna anayerekeza ndi zithunzi zake kutsogolo ndi kumbuyo. Pa timabowo ta pachifuwa anaimapo, nakhudza kamodzi ndi chala. Anatseka chikwama.

"Sindilemba chilichonse," anauza a Killian. Kwa Mayi Effie anangogwedeza mutu, osamwetulira, n'kutuluka.

A Killian anapuma mpweya wautali, nakhala pa mulu wa mabulangete.

"Tebulo ikhala, amai. Koma basela yasila lelo. Chili pa ticket ndiye chamene musoka."

"Ngakhale batani?"

"Olo batani. Mufunse first."

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Effie amafunsa. Ena amavomera mokondwa, ena amaganiza kuti akufuna kuwadyera ndalama ndipo amakana, n'kutuluka ndi thumba lawo lobowoka. Iwo amawaperekeza ndi maso mpaka pakona.

Ku shoo sanapite, ngakhale a Walter anawasiyira matikiti awiri. Loweruka limenelo anali ndi madiresi asanu a operekeza mkwatibwi a ku Peckham, onse ofunika kubweza m'chiuno. Lolemba m'mawa a Walter anadutsira pashopu, ali paulendo wokapereka jeketeyo, mawu atasasa ngati a munthu wochokera kumaliro. Anati kunabwera anthu ngati mazana atatu, madala a dazi akudumpha ndi ana awo, ena ndi zidzukulu, ndipo nyimbo ija anaiimba katatu chifukwa anthu ankakana kupita. Anatsegula jumbo. Mayi Effie anaitembenuza jeketeyo, nayendetsa chala kuseri kwa bala lililonse. Timisoko tonse tinali titagwira. Inkanunkha thukuta ndi mowa.

"Musaichape," anatero a Walter mwachangu.

"Sindinanene kanthu."

"Ndakuonani nkhope." Anaseka, kenako anatsokomola. "Mayi wa kumeneko akufuna dzina lanu, alilembe papepala lija. Ndipo ine ndikufuna ndikupatseni kanthu. Chimbale chenicheni ndili nacho chimodzi chotsala. Kapena nenani nokha chomwe mukufuna."

Dzina anawalembera pakapepala ka tikiti. Chimbale anakana, anati alibe poimbira, ndipo a kunsi kwawo angagogode denga mpaka tsache kuthyoka. Anaipinda jeketeyo mikono mkati, naika pepala lofewa pakati, naibwezera m'jumbo. A Walter atafika pachitseko, anawaitana.

"Bambo Walter. Chilipo chimodzi. Mukafika kumeneko muwauze asaipachike pa hang'ala ya waya. Apeze yamtengo, yonenepa m'mapewa, aikulunge ndi nsalu. Apo ayi phewa ilo lidzang'ambika zenizeni."